Phazi Likaleka Kumva Munga

Chichewa chathu chili ndi mawu amodzi amene amasenza ntchito zambiri. Timamva belu, timamva fungo la nsima yopserera, timamva kukoma kwa nandolo wamuwisi, timamva kuzizira, timamva kuwawa. Ngakhale mwana wonyozera malangizo timati ndi wosamva. Kupenya kokha ndi kumene kunapatsidwa dzina lakelake. Makolo amene anatisiyira chinenerochi sanaphunzire za ubongo, komabe anakhoza, chifukwa njira zonsezi zimagwira ntchito mofanana: chinthu chimakhudza thupi, uthenga umayenda m'mitsempha, ndipo ubongo ndiwo umagamula kuti ili ndi belu, uwu ndi moto, uwu ndi munga.

Mwezi uno tikambe za kumva kumene palibe amakulakalaka, kumva kuwawa, ndi zimene zimachitika phazi likasiya kumva. Ndasankha nthawi ino dala. Juni ndi Julayi kuno ku Chiradzulu ndi miyezi ya chiperoni, pamene agogo amakoka mpando n'kuika mapazi pafupi ndi mbaula. Ena mwa iwo adzadzuka m'mawa ndi matuza osadziwa kuti anapsa nthawi yanji.

Poyamba tisiyanitse mitsempha, popeza dzinali timatchulira zinthu ziwiri. Pali mitsempha ya magazi, ija namwino amafufuza pamkono. Palinso mitsempha ya uthenga, timaulusi toyera tochoka pakhungu kupita ku fupa la msana ndi ku ubongo. Ndikunena za yachiwiriyi. Nayonso siithamanga mofanana. Mukapunthwa pachitsa mumamva kuwawa kawiri: koyamba kobaya, kofika pompopompo, kenaka pakapita kamphindi kumabwera kwina kofukuta, kumene kumakukhazikani pansi mutagwira chala. Koyambako kumayenda m'mitsempha yaliwiro, yotha kuthamangitsa uthenga mamita 20 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi. Kwachiwiriko kumadzera m'mitsempha yopyapyala kwambiri imene imayenda pafupifupi mita imodzi yokha pa sekondi. Ndipo mayi akagwira chivundikiro chotentha, dzanja limachoka iye asanazindikire kuti wapsa, chifukwa uthengawo umakhotera pa fupa la msana n'kulamula mnofu kuti ukoke dzanja. Ubongo umauzidwa pambuyo, ngati mfumu imene anyamata ake athana kale ndi njoka.

Khungu silinena zoona zokhazokha. Yesani izi ndi ana Lamulungu masana. Tengani mabeseni atatu: limodzi la madzi ozizira a mumtsuko, lina la madzi otentha pang'ono osawotcha, lachitatu la madzi ofunda. Mwana aviike dzanja lamanja m'ozizira ndi lamanzere m'otentha kwa mphindi imodzi, kenaka manja onse awiri m'ofunda aja. Dzanja lina lidzati madziwa ndi otentha, linzake lidzati ndi ozizira, chonsecho beseni ndi limodzi. Khungu limanena za kusintha, osati muyeso weniweni. N'chifukwa chakenso simumva malaya amene mwavala tsiku lonse, ndipo mwini khitchini samva utsi umene ukutsamwitsa mlendo. Masewera ena ndi a timitengo tiwiri ta machesi. Wina atsinzine, inu mumukhudze ndi nsonga ziwirizo nthawi imodzi. Pansonga ya chala adzadziwa kuti ndi ziwiri ngakhale zitatalikirana mamilimita 3 okha. Pamsana mukhoza kuzitalikitsa masentimita 3 kapena 4, iye n'kumaumirira kuti ndi kamtengo kamodzi. Anatulukira zimenezi ndi Ernst Weber wa ku Germany m'zaka za m'ma 1830, ndipo ana amaseka nazo mpaka lero.

Mayi akamasisita pamene mwana wagunda sakungomunyengerera ayi. M'chaka cha 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti m'fupa la msana muli ngati chipata, ndipo uthenga wa kukhudza ukachuluka umachepetsa uthenga wa kuwawa wodutsa pachipatapo. Mantha, kutopa ndi chisoni zimachitsegula kwambiri. Ndiye munthu wodandaula kuti thupi lonse likumuwawa chimwalirireni mwamuna wake sakunama. Umboni wina woti kuwawa kumamalizidwira mu ubongo ndi wa anthu odulidwa mwendo: ambiri amamvabe kuyabwa kapena kuwawa kuzala za phazi limene kulibe. Ena amaopa kuuza ngakhale akazi awo, poganiza kuti anthu awayesa amisala kapena olodzedwa. Si misala. Mbali ya ubongo imene inkasamalira phazilo idakalipo, ndipo ikulankhulabe.

Tsopano ku nkhani yathu yeniyeni. Tikamapemphera timapempha kuti ululu uchoke, ndipo ndi bwino kutero. Koma pali anthu amene ululu unawachokera, ndipo mbiri yawo ili pafupi nafe. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa, m'boma la Thyolo, inakhala ya Adventist m'chaka cha 1902, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1920 inatchuka ndi kusamalira odwala khate. Masiku amenewo aliyense, ngakhale madokotala, ankakhulupirira kuti khate limadya mnofu, kuti zala zimawola zokha n'kugwa. Kachilombo koyambitsa nthendayi kanali katapezeka kale m'chaka cha 1873 ndi dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, koma chimene chinkafupikitsa zala sichinkadziwika bwino.

Amene anachiunika bwino ndi Paul Brand, dokotala wa opaleshoni wa ku Britain amene anayamba ntchito ku Vellore, m'dziko la India, m'chaka cha 1946. Iye anasimba za tsiku lina pamene analephera kutsegula loko wadzimbiri. Kamnyamata kodwala khate kanatenga kiyi n'kupotokola kamodzi, loko n'kutseguka. Brand atayang'ana chala cha mwanayo anapeza kuti kiyi wang'amba khungu mpaka kufupa, mwini wake osadziwa kanthu. Dokotala uja anali ndi mphamvu zoposa za mwanayo, koma ululu unamuletsa asanadzivulaze. Mwanayo analibe chomuletsa. Brand ndi anzake atayamba kuwerenga zilonda za odwala tsiku ndi tsiku, anapeza kuti pafupifupi chilonda chilichonse chinali ndi chiyambi chake: mpini wokhakhala, mphika wotentha, nsapato yothina, munga. Zala zina zinkasowa usiku, ndipo anatulukira kuti ndi makoswe amene ankaziluma munthu ali m'tulo. Kuyambira pamenepo odwala ankalangizidwa kupita kwawo ndi mphaka. Kachilombo ka khate kamakonda malo ozizirirapo a thupi, ndipo kamawononga mitsempha ya uthenga yodutsa pafupi ndi khungu, monga ya pachigongono ndi ya m'mbali mwa bondo. Zotsalazo amachita ndi moto, minga ndi kuyenda pachilonda.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri m'mbiri ya Brand ndi chimene anayesa atasamukira ku Carville, ku America, m'zaka za m'ma 1960. Iye ndi akatswiri ena anapanga magolovesi ndi masokosi okhala ndi tizipangizo tochenjeza munthu akafinya chinthu mopitirira muyeso. Anayesa kulira kwa belu, anayesa kuwala, anayesa ngakhale kugwidwa ndi magetsi pang'ono. Zinakanika. Munthu akafuna kugwira ntchito yolimba ankangozimitsa kachipangizoko, n'kumaliza ntchito yake, n'kukayatsanso. Chenjezo limene munthu angathe kulizimitsa silimuteteza. Ululu umatiteteza chifukwa umapweteka ndipo sumvera zifukwa zathu.

Wina anena kuti khate linatha. Dziko la Malawi linafika pa muyeso wa bungwe la WHO m'chaka cha 1994, kutanthauza kuti odwala anachepera pa munthu mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Kuchepa si kutha. Odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka, ndipo ku Utale m'boma la Balaka kudakali anthu amene nthendayi inawalumaza. Chizindikiro choyamba ndi banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu, losayabwa, losapweteka, limene silimva mukalikhudza ndi kathonje. Chikanga ndi zipere zimayabwa. Banga la khate limangokhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko ndi kumene kumachedwetsa anthu. Mankhwala alipo, ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12 malinga ndi mtundu wake, ndipo munthu akayamba kumwa amasiya kupatsira ena. Anthu ambiri, pafupifupi 95 mwa 100 alionse, matupi awo amakana okha kachilomboka. Palibe chifukwa chomangira munthu kanyumba kumunda.

Komabe kuno kwathu mapazi ambiri adzanzi sanabwere ndi khate. Akuluakulu akukumbukira zaka zija maliro ankachitika mudzi uliwonse sabata iliyonse. M'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV aulere pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, zaka zitatu boma lisanayambe kuwafalitsa m'dziko lonse mu 2004, ndipo pambuyo pake mankhwalawa anafika m'zipatala zing'onozing'ono monga Namitambo, Namadzi ndi Mbulumbuzi. Anthu amene tinali titawataya mtima anadzuka n'kubwerera kumunda. Piritsi la nthawi imeneyo, Triomune, linali ndi mankhwala otchedwa stavudine, amene anapulumutsa miyoyo yosawerengeka koma mwa anthu ena ankawononga mitsempha ya kumapazi. Ambiri ankati mapazi akuyaka moto usiku, ena ankati akuyenda ngati aponda pathonje. Kuyambira 2011 dziko lathu linayamba kusintha kupita ku mankhwala ena opanda stavudine, ndipo lero sakuperekedwanso. Koma mitsempha imachira pang'onopang'ono, ina siichira n'komwe, choncho pali abale ndi alongo athu amene ali ndi thanzi labwino, akumwa mankhwala atsopano mokhulupirika, koma mapazi awo anatsalira m'zaka zija. Ndinene momveka: dzanzi si chifukwa chosiyira ma ARV. Kachilombo ka HIV pakokha kamawononganso mitsempha kakapanda kuponderezedwa. Kauzeni adokotala, musadzigamulire nokha.

Lero gwero lalikulu ndi matenda a shuga. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo ambiri sankadziwa. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga mitsempha ya uthenga pamodzi ndi timitsempha ta magazi toidyetsa. Imayamba kufooka ndi yaitali kwambiri, ndipo yaitali kuposa yonse ndi yochoka m'chiuno kukafika kuchala chachikulu, pafupifupi mita yathunthu. N'chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala za mapazi onse awiri n'kumakwera ngati munthu akuvala sokosi, ndipo likafika cha m'mawondo limayambanso kunsonga za zala zamanja. Mwa odwala shuga, pafupifupi theka amadzakumana ndi vutoli m'moyo wawo.

Bambo wina wachikulire amene ndimamuyendera anayenda ulendo wa kumsika ndi kubwerako ali ndi kamsomali kotulukira mkati mwa nsapato. Anadziwa madzulo, mdzukulu ataona magazi pasokosi. Nditawafunsa kuti, "Bambo, simunamve chilichonse?" anayankha moseka kuti, "Mwanawe, phazi langa ndi lolimba, ndinakulira kuyenda wapansi." Mawu amenewo ndimawamva kawirikawiri ndipo amandiopsa, chifukwa munthu amanyadira chimene chikumuwononga. Chilonda chosapweteka munthu amachipondabe, chikakula chimalowa mafinya, mafinya akafika pafupa nkhani imakathera ku chipinda cha opaleshoni. Bambo aja anapita kuchipatala m'mawa mwake ndipo phazi lawo lilipo.

Magwero ena ndingowatchula mwachidule. Isoniazid, mmodzi wa mankhwala a chifuwa chachikulu, amatha kubweretsa dzanzi, ndipo n'chifukwa chake achipatala amaperekera limodzi kapiritsi ka pyridoxine. Musakataye poganiza kuti n'kosafunika. Kachasu amawotcha mitsempha, ndipo ngakhale ife sitimwa, tili ndi achibale amene amamwa.

Pali gwero limodzi limene likutikhudza ife eni ake, ndipo ena sakonda ndikalitchula pa maphunziro a zaumoyo. Mitsempha imafuna vitamini B12. Vitamini ameneyu sapezeka m'nyemba, m'soya, m'nsinjiro, m'bonongwe, ngakhale m'zipatso. Amapezeka m'mkaka, m'mazira, m'nsomba ndi m'nyama, kapena m'zakudya zimene anachita kumuthiramo kufakitale. Banja limene lasiya nyama koma likumwa mkaka ndi kudya mazira kawirikawiri lilibe nkhawa yaikulu. Koma amene asiya zonse, kapena amene dzira amaliona kamodzi pamwezi, ayenera kumwa mapiritsi a B12, ndipo a zaumoyo mu mpingo wathu amalangiza zomwezo. Chonyenga chake n'chakuti chiwindi chimasunga vitamini ameneyu kwa zaka zingapo, ndiye munthu amakhala bwinobwino zaka zitatu kapena zinayi, n'kumachitira umboni, kenaka mapazi amayamba kunyerenyetsa, kuyenda mumdima kumavuta, mutu umayamba kuiwalaiwala. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamale koposa, popeza mwana amadalira nkhokwe ya mayi ake. Amene akumwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri afunsenso za B12, chifukwa mankhwalawa amachepetsa kalowedwe kake m'thupi. Kudya zamasamba ndi kwabwino, ine ndimadya ndipo ndimalimbikitsa, koma kusadziwa si mbali ya uthenga wa zaumoyo.

Nanga mungadziwe bwanji kuti phazi layamba kugontha? Kuchipatala amagwiritsa ntchito kaulusi ka pulasitiki kamene kamapindika kakakanikiza ndi mphamvu ya magalamu 10. Kunyumba pali njira ina imene madokotala a chipatala cha Ipswich ku England anaiyesa n'kuifalitsa m'chaka cha 2011, ndipo imafuna chala chanu chokha. Woyezedwayo avule nsapato, agone kapena akhale atatambasula miyendo. Muwauze kuti, "Agogo, tsinzinani. Mukamva ndakukhudzani munene kuti eya." Ndiye khudzani mopepuka, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, nsonga ya chala chachikulu, chala chapakati ndi chala chaching'ono, phazi lililonse, malo 6 onse pamodzi. Musakanikize, musakande, ndipo musabwereze pamene sanamve, chifukwa mtima wachifundo umafuna kuwathandiza kuti akhoze mayeso. Ngati sanamve malo awiri kapena kuposerapo, apite kuchipatala akayezetse shuga ndi kufotokoza za mankhwala onse amene akumwa. Munthu sangadziyeze yekha, chifukwa ubongo umadziwiratu pamene chala chake chikupita ndipo umadzaza pamene palibe uthenga.

Amene phazi lake lagontha ayenera kubwereka maso kuti agwire ntchito imene ululu unkagwira. Madzulo alionse ayang'ane mapazi onse, pansi, kuchitendene ndi pakati pa zala. Ngati msana sulola kuwerama kapena maso ndi ofooka, aike kalilole pansi kapena aitane mdzukulu. Afufuze matuza, ming'alu, matekenya, malo ofiira ndi malo otupa. Agwirenso ndi kuseri kwa dzanja: malo otentha kuposa phazi linzake ndi chenjezo loti mkati mwayamba kuvulala ngakhale khungu lisanang'ambike, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kupumitsa phazilo. Asanavale nsapato aigwedeze ndi kulowetsamo dzanja. Asayende wopanda nsapato, ngakhale popita kuchimbudzi usiku kapena pabwalo lotentha la mwezi wa Okutobala. Nsapato zatsopano azivale maola ochepa patsiku mpaka zitafewa, ndipo zapulasitiki zothina zija n'zosayenera. Madzi osamba awayese ndi chigongono, kapena amuyesere wina, osati ndi phazi. Akasamba apukute bwino pakati pa zala, adzole mafuta kuchitendene koma osati pakati pa zalapo. Zikhadabo awenge mowongoka, ndipo lezala asayandikire pa chikundu cholimba. Ndaona zilonda zambiri zoyamba ndi lezala kuposa zoyamba ndi khasu. Kukazizira avale masokosi awiri m'malo mosendeza mapazi kumoto, ndipo botolo la madzi otentha lisalowe m'bulangete. Chilonda chilichonse, ngakhale chochepa ngati njere ya mapira, chikatha masiku awiri osasintha, kapena chikayamba kununkha, kutupa kapena kuda, ndi cha kuchipatala tsiku lomwelo. Musathirepo phulusa, mafuta a galimoto kapena makala osinja.

Ife a Adventist tili ndi mwayi umene ena alibe. Kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, tisanadye Mgonero, timagwada ndi beseni n'kugwira phazi la mnzathu m'manja. Sindikunena kuti mwambo wopatulikawu usanduke sikelo ya chipatala. Koma ngati mukupukuta phazi la mayi wachikulire n'kuona chilonda pansi pa chala, ndipo iwo sakugwedezeka mukachikhudza, musangokhala chete chifukwa cha ulemu. Mapemphero akatha apatuleni pambali n'kuwafunsa mwakachetechete kuti, "Mayi, chilonda chija mwachiona?" Mwina sakudziwa n'komwe kuti chilipo. Madikoni nawonso, amene amatenthetsa madzi m'miyezi yozizira ino, awayese ndi chigongono asanathire m'mabeseni, chifukwa pamzere wa okalamba pamakhala mapazi amene sangadandaule madzi akatentha. Ndipo amene ali ndi chilonda chotseguka asachiviike. Auze mkulu wa mpingo pasadakhale, mnzake amusambitse phazi linalo.

Ku magulu a zaumoyo m'mipingo, Sabata la zaumoyo likubwerali onjezerani mpando umodzi ndi mphasa pambali pa tebulo loyezera magazi. Kuyeza zala 6 kumatenga mphindi ziwiri. Lembani tsiku ndi chiwerengero cha malo amene munthu sanamve pakapepala, akaike m'buku lake la kuchipatala kuti adokotala akaone, ndipo mudzamuyezenso pakatha miyezi 6.